Kufunsa Mphepo Tisanamange Katundu wa Ulendo wa ku Chilumba

Munthu wobadwira m'tsinde mwa phiri la Mulanje, angakhale atakalamba osapondapo phazi pa mchenga wa nyanja yamchere, nyanjayo amaidziwa ndithu m'mafupa mwake. Pakuti chiperoni chija chimene chimatifunditsa nkhungu m'miyezi ya Juni ndi Julayi, ndi kutikhazika pamoto masiku atatu kapena anayi zovala zili gwaa pachingwe osauma, sichichokera kwina koma ku Nyanja ya India, ndipo dzina lake chidalitenga ku phiri la Chiperone la ku Mozambique, kumene makolo athu ankaona mitambo yake ikutulukira. Nyanja ija ili kutali ndi maso athu, koma mpweya wake umagona nafe m'nyumba; ndiyo imamwetsa tiyi wa ku Lujeri, ndiyonso, ikapsa mtima, imagubuduza miyala ya m'phiri kudzaiunjika m'minda mwathu.

Masiku ano, pamene mafoni adadzaza zithunzi za mchenga woyera ndi mitengo ya kokonati yoweramira pamadzi, si zachilendonso kumva mphunzitsi wa ku Chitakale, kapena namwino, kapena kalaliki wa ku esiteti, kapena mnyamata amene wabwera kuchokera ku Joni ndi kangachepe m'thumba, akunena kuti iyenso afuna akaone chilumba maso akadali openya. Ndipo akwati ena, phwando likatha, amalakalaka kukagona kumene mafunde amveka usiku wonse. Ine sindiona choipa m'chilakolako chotere, pakuti mwana wosayenda amayesa kuti amake okha ndiwo adziwa kuphika. Chondidetsa nkhawa n'chakuti anthu amenewa, pokonza ulendo, amafunsa za pasipoti, amafunsa za ndalama zosintha, amafunsa mtengo wa chipinda ndi wa nsomba, koma za mphepo safunsa konse. Ndipo popeza tchuthi cha ambiri chimagwa pa Khirisimasi kapena pa Pasaka, amadzipereka okha, ali chisekereseke, m'manja mwa nyengo ya namondwe, wina polowera pake, wina potulukira pake.

Namondwe amene tikunena pano si kamvulumvulu uja wozunguza fumbi ndi mapesi pabwalo m'chilimwe. Uyu amabadwira pakati pa nyanja yaikulu, pamene dzuwa latenthetsa madzi kufikira madigiri 26 kapena kupitirira. Nthunzi ikakwera kumwamba yambirimbiri, mpweya wa m'mbali umathamangira kudzadzaza malo amene yasiya, ndipo kuzungulira kwa dziko lapansi kumaupotoza mpweyawo, kotero kuti m'malo molowa molunjika umayamba kuvina mozungulira, monga achita madzi m'mtsuko ukawatakasa. Kuno kumwera kwa dziko amazungulira monga ayendera mivi ya wotchi. Kumpoto amazungulira mobwerera. Akakhwima amatambasuka makilomita mazanamazana, ndipo pakati pake penipeni pamakhala bata lodabwitsa, limene odziwa amalitcha diso. Chakudya chake ndi madzi ofunda. Chotero akakwera pamtunda mphepo yake imayamba kufooka, koma asanafe amasanza madzi onse amene adamwa panjira, ndipo amene amasambitsidwa nawo kawirikawiri ndi ife a kumapiri. A ku America amamutcha hurricane, a ku Japan ndi ku Philippines amati typhoon, koma chilombocho n'chimodzimodzi.

Pamenepa pali msampha umene wakola ophunzira ambiri kuposa osaphunzira. Munthu akafufuza pa intaneti za nthawi yabwino yopitira ku zilumba, malangizo ambiri amene amapeza adalembedwera anthu opita ku Jamaica, ku Bahamas ndi zilumba zina za ku Caribbean, kumene nyengo yoopsa imayamba pa 1 Juni n'kutha pa 30 Novembala. Ndipo malangizowo amamuuza kuti Januwale ndi Febuluwale ndiyo miyezi ya mtendere. Kwa iwo n'zoona. Kwa ife ndi imfa. Nyanja yathu imatentha pamene yawo yazizira, ndipo nyengo ya namondwe ya chigawo chino, monga idakhazikitsidwira ndi akatswiri a zanyengo, imayamba pa 15 Novembala kufikira pa 30 Epulo, ndi kupitirirako pang'ono mpaka pakati pa Meyi ku Mauritius ndi ku Seychelles. Ukali wake weniweni umakhala kuyambira Januwale kufikira Malichi, ndiyo miyezi yomwe chimanga chathu chimamasula ngayaye ndi kubereka.

Alonda a nyanja imeneyi amakhala pa chilumba cha La Réunion, m'manja mwa bungwe la Météo-France, ndipo usana ndi usiku amayang'ana zithunzi zochokera ku makina a m'mlengalenga; namondwe akafika pa msinkhu woyenera dzina, a zanyengo a ku Mauritius kapena a ku Madagascar amamupatsa dzina kuchokera pa mndandanda umene maiko a m'chigawo chino, Malawi ali momwemo, adakonzeratu motsata alifabeti. Uthenga wawo ndi umene nthambi yathu yoona zanyengo ku Blantyre imausanthula ndi kutiulutsira pa wailesi. Koma tiyenera kudziwa malire a nzeru zawo, kuti tisawasenzetse mlandu umene suli wawo. Akhoza kutiuza, masiku atatu kapena asanu zisanachitike, kuti namondwe wakuti akulunjika gombe lakuti. Akhozanso kunena kumayambiriro kwa dzinja kuti chaka chino chikuoneka chaukali. Chimene sangathe, ndipo palibe mwana wa munthu angathe, ndicho kuuza munthu amene akulipira chipinda mu Seputembala kuti sabata yachiwiri ya Febuluwale kudzakhala bata.

Amene akukayika awerenge zaka zapitazi monga awerengera zipsera pathupi. Mu Malichi 2019 Idai adagwera mzinda wa Beira, mvula yake itatha kale kumiza midzi ya kuno kumwera. Pasanathe masabata asanu ndi awiri, pa 25 Epulo, pamene ambiri ankati nyengo yatha, Kenneth adaphwasula chilumba cha Ibo kumpoto kwa Mozambique. Mu Januwale 2022 Ana adalowera cha ku Angoche, nadzagumula damu la magetsi la Kapichira pa Shire, natisiya m'kuzimazima kwa magetsi kopitirira chaka. Mu Malichi chaka chomwecho Gombe adatsatira, kulowera m'chigawo cha Nampula. Mu Disembala 2024, anthu akugula kale mpunga wa Khirisimasi, Chido adasesa chilumba cha Mayotte nagwera gombe pafupi ndi Pemba. Mu Januwale 2025 kudabwera Dikeledi, mu Malichi kudabwera Jude, onse awiri m'gombe la Nampula lomwelo. Woyang'anitsitsa masiku adzaona chodabwitsa: Gombe adakwera pamtunda pa 11 Malichi, Jude pa 10 Malichi, Idai usiku wa pa 14 Malichi, ndipo pa 11 Malichi pomwepo, mu 2023, ndi pamene adakwera uja amene dzina lake kuno salitchula mwachibwana.

Ameneyo ndiye Freddy, amene adabadwira kutali, m'nyanja ya pakati pa Australia ndi Indonesia, kumayambiriro kwa Febuluwale. Adaoloka Nyanja ya India yonse, namenya Madagascar, namenya Mozambique cha ku Vilankulo, ndipo pamene onse ankayesa kuti wafa, adabwerera m'madzi ofunda kukadya, nakweranso kachiwiri pafupi ndi Quelimane, mtunda wosafika makilomita 300 kuchokera pa boma la Mulanje monga iulukira mbalame. Bungwe la zanyengo la dziko lonse lidatsimikiza pambuyo pake kuti adakhala ndi moyo masiku 36, kuposa namondwe wina aliyense wolembedwa m'mabuku. Atafika kufupi ndi malire athu adazengereza osafuna kuchoka. Ndipo mphepo yake yolemedwa ndi madzi, pogunda khoma la phiri lathu la Mulanje lotalika mamita 3,002, idakwera, nizizira, nikhuthula zonse. Ku Nkhulambe, m'boma la Phalombe, adayeza mvula yopitirira mamilimita 1,000 m'masiku anayi okha. Za zimene zidachitika m'dera la Mfumu Njema, ku Muloza, ku Chilobwe ndi ku Chiradzulu sindifuna kuchulutsa mawu, pakuti owerenga ambiri adaikako abale awo, ndipo ena alibe ngakhale manda oti akalirirepo. M'dziko lonse anthu opitirira 1,000 adafa kapena kusowa, ndipo opitirira 600,000 adasiya nyumba zawo.

Makolo athu adali nalo dzina la chinthu chimenechi kalekale mawu akuti namondwe asanayambe kumveka pa wailesi. Ankati napolo: chinjoka chogona pansi pa phiri, chimene chikafuna kusamukira kunyanja chimang'amba nthaka ndi kutenga miyala, mitengo ndi midzi yopezeka panjira pake. Adamuona ku Zomba mu Disembala 1946. Adamuonanso ku Phalombe mu Malichi 1991, pamene phiri la Michesi lidakhuthukira pa anthu mazanamazana. Wophunzira akhoza kumwetulira pomva za chinjoka, koma asamwetulire kwambiri, pakuti akuluakulu aja adazindikira chinthu choona, chakuti phiri ndi nyanja zili pa ubale, ndi kuti madzi saiwala khwawa. Ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yanga yonse. Mlendo wochokera ku London kapena ku Johannesburg, akapita ku chilumba m'dzinja, amaika pachiswe masiku ake a tchuthi ndi thupi lake lokha. Namondwe akapita, amakwera ndege kubwerera ku nyumba yosagwedezeka. Wa ku Mulanje sali chomwecho. Mphepo imene ikusasula denga la chipinda chake ku gombe lero, ndiyo yomwe idzadzutsa napolo kwawo mawa kapena mkuja. Ndipo adzakhala ali tsidya lija, foni yosagwira, milatho itaduka pakati pa iye ndi ana ake.

Za milatho ndinenepo pang'ono, popeza ulendo wa ife osauka ngwa pansi. Chimodzi mwa zilumba za m'nyanja yamchere zimene munthu wa kuno angazifikire osakwera ndege ndicho Ilha de Moçambique. Njira yake imatulukira pa chipata cha Muloza, nilowa m'tauni ya Milange, niyenda makilomita pafupifupi 200 kukafika ku Mocuba, kumene imakumana ndi msewu waukulu wa dziko la Mozambique. Kuchokera apo imakhotera kumpoto kudzera ku Alto Molócuè mpaka mumzinda wa Nampula, ndipo kuchokera ku Nampula kutsikira kunyanja ndi makilomita enanso pafupifupi 180. Ndi ulendo wa masiku awiri kwa woyenda pa galimoto za anthu onse, ndipo m'chilimwe palibe chovuta koposa fumbi ndi kutopa kwa msana. Koma msewuwo umaoloka mitsinje yotsika m'mapiri a Zambézia, ndipo mfumu ya yonseyo ndi Licungo, umene mu Januwale 2015 udakokolola mlatho wa pa Mocuba, nudula dziko la Mozambique pakati kwa masabata angapo. Chotero munthu akhoza kupulumuka namondwe pachilumba, nadzamangidwa ndi mtsinje ali kutali ndi nyanja, ndalama za m'thumba zikutha tsiku ndi tsiku m'dziko la eni.

Komatu chilumbacho n'choyenera kuchivutikira, ndipo ndikadachimwa ndikadangochinenera zoopsa zokhazokha. N'kachilumba kakang'ono, kotalika makilomita atatu okha, kopapatiza kotero kuti munthu ataima pakati amamva nyanja kumanja ndi kumanzere. Amalowako pa mlatho wopapatiza wotalika makilomita opitirira atatu, womangidwa m'zaka za m'ma 1960. Apa ndi pamene Vasco da Gama adakocheza mu 1498, napeza amalonda achiswahili ndi achiarabu atakhazikika kale. Apa padali likulu la Apwitikizi kufikira 1898, ndipo dziko lonse la Mozambique lidatenga dzina pa kachidutswa ka nthaka kameneka. Kunsonga kwake kuli linga lalikulu la São Sebastião, ndipo kuseri kwa lingalo, pamwala womenyedwa ndi mafunde, kuli katchalitchi ka Nossa Senhora de Baluarte, komangidwa mu 1522, kamene kamawerengedwa kuti ndiko nyumba yakale koposa mwa zonse zimene Azungu adamanga kumwera kwa dziko lapansi zimene zikadaimabe. Bungwe la UNESCO lidaika chilumbachi m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 1991, ulemu umene phiri lathu la Mulanje lidaulandiranso mu 2025.

Kwa Mlhomwe wa kuno kuli chinanso choposa miyala. Anthu a pachilumbapo amayankhula Chimakhuwa, chimene chili pachibale ndi chiyankhulo cha agogo athu amene adachokera ku mapiri a Namuli. Ndipo amene adakula akumva Chilhomwe pakhomo, kapena amene amachimva kamodzi pachaka pa Mulhako wa ku Chonde, adzadzidzimuka pamsika kumva mawu amene ankayesa kuti adatsala m'kamwa mwa agogo ake okha. Adzakumbukanso, akaima pa doko, kuti njira imene iye wayenda atakhala pampando ena adaiyenda ali m'magoli, pakuti gombe limeneli lidameza akapolo osawerengeka a kumtunda kuno, ndipo linga la Fort Lister, pampata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi, lidamangidwa mu 1893 pofuna kutseka njira ya malonda oipawo. Koma mlendo apenyenso m'mene chilumbacho chidagawikira: kumpoto kuli nyumba za miyala, kumwera kuli Macuti, kumene anthu wamba athithikana m'nyumba zambiri zofolera ndi masamba a kokonati, m'malo otsika kuposa msewu. Namondwe akamakankha nyanja kumtunda pa nthawi imene madzi adzaza kale, safuna kukwera phiri lililonse kuti alowe m'nyumba zimenezo, pakuti pachilumbapo palibe ngakhale chulu chothawirapo.

Nanga tsono tipite liti? Yankho lake lidalembedwa kale m'kalendala wa mlimi, ndipo ndi ife a malipiro a pamwezi amene tidaliiwala. Kuyambira Meyi kufikira Okutobala nyanja ya ku gombe ilo imazizira, namondwe amasowa chakudya, mitsinje imaphwa, udzudzu umachepa, thambo limayera. Ndipo kuyambira Julayi kufikira Okutobala anangumi amadutsa m'mbali mwa gombe la Mozambique pobwera kudzaswana m'madzi ofundirapo, kotero kuti wamwayi akhoza kuona ndi maso chimene adangochimva m'nkhani ya Yona. Ndiyo nthawi yomwe mlimi wagulitsa nandolo, yomwe tiyi wachepa m'minda ndipo ntchito ya m'maesiteti yapepuka, yomwenso sukulu zimatseka tchuthi chachitali cha mu Ogasiti. Amalonda akale opita kugombe ankayenda m'chilimwe momwemo, osati chifukwa adawerenga buku, koma chifukwa adaoloka Ruo ndi miyendo yawo.

Wina adzati: ngati zili choncho, ine nyanja yamchere ndaileka, ndidzapita ku Likoma, m'dziko langa lomwe, mu Julayi, pamene namondwe wagona. Ameneyo wathawa mkango nakumana ndi njati, pakuti nyanja yathu ili ndi kalendala wakewake wosiyana ndi wa nyanja yaikulu. Miyezi yomweyo imene gombe la Mozambique lili pa mtendere, kuyambira Meyi kufikira Ogasiti, ndi pamene mwera umaomba pa Nyanja ya Malawi kuchokera kumwera chakum'mawa, ndiye mbale wake wa chiperoni chathu chomwechi. Ndipo popeza nyanjayo idagona motalika kuchokera kumwera kupita kumpoto, mphepoyo imapeza bwalo la makilomita mazanamazana lokuzirapo mafunde, kotero kuti asodzi amakoka mabwato awo kumtunda ndi kukhala pansi kusoka maukonde. Pa 30 Julayi 1946 sitima yatsopano ya Vipya idagubuduzika m'mafunde otere pafupi ndi Chilumba, m'boma la Karonga, ndipo anthu 145 adatsikira nayo pansi. Bishopu Chauncy Maples, amene dzina lake lidapatsidwa sitima ina yotchuka, adamira m'nyanja yomweyi mu Seputembala 1895, ngalawa yake itagwidwa ndi mphepo, ndipo manda ake ali ku Nkhotakota.

Sindinena izi kuti ndiopseze munthu asakaone Likoma, pakuti tchalitchi chachikulu cha Petro Woyera, chimene amishoni adayamba kumanga mu 1903 pa malo otchedwa Chipyela, ndi milambe ya pachilumbapo, ndi mapiri a Mozambique ooneka tsidya lija ngati ungawakhudze, n'zosayenera kuti Mmalawi afe asanazione. Ndipo sitima ya Ilala, nkhalamba imene yakhala ikulima nyanjayi kuyambira 1951, yadutsa miyera yambiri. Ndingonena kuti wopita m'miyezi ya mwera akonzekere mseru, akonzekere kuchedwa kwa sitima imene imadutsa kamodzi pa sabata kupita ndi kamodzi kubwerera, ndipo asalole kukwezedwa m'kabwato kodzaza mopitirira muyezo chifukwa chakuti Lolemba afunika ku ntchito. Amene afuna nyanja yogona ngati mafuta adikire kumapeto kwa Seputembala ndi Okutobala, mwera utatopa ndipo mpoto wa m'dzinja usanadzuke. Kunena zoona, miyezi iwiri imeneyi ndiyo yokha imene nyanja zonse ziwiri zimavomerezana, ngakhale kuti dzuwa lake limawotcha ngati ng'anjo.

Zilumba zina ndingozidutsa msanga. Chisi, pa Nyanja ya Chilwa, ndicho chapafupi koposa, chofikirika pa bwato kuchokera ku Kachulu. Vuto lake n'lotembenuka, pakuti nyanja yosaya imeneyi idaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndi kutsala pang'ono kutheratu mu 2018, ndipo pa zaka zotere wopita mochedwa m'chilimwe amapeza matope m'malo mwa madzi. Zanzibar idakhala kufupi ndi mzere wa pakati pa dziko, kumene kuzungulira kwa dziko kulibe mphamvu yokwanira kupotoza mphepo, chotero namondwe amafikako mwa kamodzikamodzi, ngakhale wa mu Epulo 1872 adagwetsa minda yake ya zonunkhiritsa. Choopa kumeneko ndi mvula yosakata ya Malichi kufikira Meyi. Mauritius ili panjira penipeni pa namondwe, koma eni ake adaphunzira kukhala naye: ali ndi machenjezo a magawo anayi, ndipo likamveka lachitatu mabasi amaima, masitolo amatsekedwa, aliyense amakhala m'nyumba. Za Ibo ndi zilumba zinzake za ku Cabo Delgado, kumene nkhondo ya zigawenga yakhala ikuvuta kuyambira 2017, munthu afunse za mfuti asanafunse za mphepo.

Komabe alipo amene sangasankhe mwezi: wina bwana wake sapereka tchuthi koma mu Disembala, wina waitanidwa ku ukwati wa mbale, wina wakopeka ndi mitengo yotsika imene eni malo ogona amaika mu Febuluwale ndi Malichi, alendo akasowa. Kwa amenewa ndikumbutsa nkhani ya mtumwi Paulo pa doko lina la ku Krete, pamene adachenjeza kuti nyengo yoyenda panyanja yatha, koma kenturiyo adamvera woyendetsa ngalawa ndi mwini wake koposa Paulo wandendeyo. Ndipo kamphepo kofatsa ka kumwera katayamba kuomba, onse adayesa kuti apeza chimene ankafuna, kufikira adakhala masiku ambiri osaona dzuwa kapena nyenyezi, nataya tirigu yense m'nyanja, nafika pa chilumba cha Melita pa matabwa a ngalawa yosweka. Chimene ndimachiona m'nkhaniyi si ukali wa mphepo ayi, koma kuti amene adalimbikitsa ulendo adali omwe akadataya phindu ulendowo ukadalephereka. Wogulitsa chipinda sadzakuuzani kuti musabwere. Si kuipa mtima, nayenso ali ndi ana odyetsa.

Chotero wopita m'dzinja apangane ndi mwini malo ogona, ndipo panganolo lilembedwe, kuti chenjezo la namondwe likatuluka ndalama zake zidzabwezedwa kapena tsiku lidzasunthidwa. Asalipire zonse pasadakhale ngati angathe kupereka chikole chokha. Ine ndidataya kale ndalama za masiku anayi pa nyumba ina ya alendo imene sindidagonemo ngakhale usiku umodzi, chifukwa pangano lathu lidali la pakamwa pa foni, ndipo mlatho utaduka mwini wake adandiyankha mwaulemu wonse kuti mvula sadaigwetse ndiye. Wogula inshuwalansi ya ulendo aigule namondwe asanapatsidwe dzina, pakuti makampani ambiri salipira ngozi imene idadziwika kale pa tsiku logula. Ndipo awerenge timalemba ting'onoting'ono tija, popeza safunsa adadya phula. Asiye masiku awiri kapena atatu opanda ntchito kumapeto kwa ulendo. Anyamule ndalama zogwirika za meticais, chifukwa magetsi akazima makina a kubanki ndi ndalama za pafoni zimagona limodzi. Anyamulenso mankhwala ake, neti ya udzudzu, tochi, ndi mankhwala othira m'madzi akumwa, pakuti kolera amayenda pambuyo pa madzi osefukira monga fisi pambuyo pa mkango. Ndipo m'mawa uliwonse amve zimene a zanyengo a dziko limene alimo akunena. Chenjezo likatuluka, achoke pachilumba tsiku lomwelo mlatho ukadali wotsegula, osadikira kuona ngati n'zoona.

Ngati watsekeredwa, alowe m'nyumba ya miyala yotalikirana ndi madzi, kumene eni dziko akulowa, ndipo akhale kutali ndi mawindo. Mphepo ikaleka mwadzidzidzi, thambo n'kuyera, mbalame n'kuyamba kulira, asatuluke kukajambula zithunzi: limenelo ndi diso lija, ndipo pakapita mphindi zowerengeka kapena ora limodzi khoma lachiwiri limafika, likuomba kuchokera mbali ina, ndi kugwetsa zonse zimene khoma loyamba lidangozigwedeza.

Koma chachikulu achikonze asanatuluke pakhomo. Ngati nyumba yake ili m'mphepete mwa Ruo, Lichenya, Likhubula, Thuchila kapena Muloza, kapena pansi pa khwawa limene akuluakulu amati napolo adadzerapo kale, ana asatsale okha ndi mtsikana wantchito. Akawatule kwa mbale wokhala pamalo okwera, ndipo apangane kuti wailesi ikalengeza chenjezo onse adzasamukira ku sukulu kapena ku tchalitchi chakuti kusanade, osayembekeza mawu ochokera kwa iye, popeza mawuwo mwina sadzafika. Mbuzi zikhale ndi wozimasula. Zikalata za munda ndi za sukulu zikulungidwe m'pulasitiki ndi kupachikidwa pamwamba. Ndipo auze anthu awiri, osati mmodzi, njira imene adzere ndi tsiku limene adzaoloke pa Muloza pobwerera.